Zaka zitatu osayandikira gome la Ambuye, ndiyambire pati?

Nambewe (Domwe): Moni nonse abale ndi alongo. Ndakhala ndikungowerenga pagulu pano osalemba kanthu, koma lero zandikwana. Kwathu alengeza Mgonero Lamulungu lachiwiri la mwezi wamawa, akulu a mpingo ayamba kale kuyendera m'makomo. Ine chaka chino ndi chachitatu ndisakulandira. Sindinadulidwe ayi, ndinangodziletsa ndekha. Ndinakwatiwa chitengwa, ndipo amuna anga atamwalira alamu anga anasuntha malire a dimba lathu la kudambo, natenga mizere 12 pamene tinkadzalapo kachewere. Tinapita kwa amfumu, nkhani inangothera m'malere. Tsono timapemphera mpingo umodzi. Ndikawaona m'tchalitchi pamtima panga pamatentha, mbale ya mkate ikamadutsa ndimangoweramitsa mutu. Ndayesa kusala kudya, ndayesa kudzuka 4 koloko m'bandakucha kupemphera, koma ndikangomva mawu awo akuimba nawo nyimbo, zonse zimabwerera. Ndikufuna kukhala pafupi ndi Mulungu ngati kale. Kodi munthu amadziyeretsa bwanji? Ndiyambire pati?

Mbale Phiri (Moatize): Pepani amayi. Umenewo ndi muzu wa kuwawa mtima wotchulidwa pa Ahebri 12:15, ndipo suzuka ndi pemphero la mphindi zisanu. Ndikanakhala inu ndikanasala masiku 21 monga Danieli, osadya nyama kapena chokoma chilichonse, pomaliza n'kukachezera kuphiri usiku umodzi ndi anthu opemphera. Mwayi wake phiri la Domwe muli nalo pakhomo.

Nachisale (Tsangano): Achimwene, mwawerenga bwino? Anena kale kuti kusala asala. Pa Yesaya 58 Mulungu akudzudzula anthu osala kudya uku ali pa mkangano. Sindikunyoza kusala, nanenso ndimasala. Koma atha kutsika m'phirimo atawonda, Lamulungu n'kukapeza alamu aja ali pa benchi lomwe lija.

Agogo Jere (Ulongwe): Mayi Nambewe, ndakhala mkulu wa mpingo nthawi yaitali ndipo misozi ngati yanuyi ndaiona. Tsegulani 1 Akorinto 11:28. Paulo akuti munthu adziyese yekha, ndipo atatero adye mkate ndi kumwera chikho. Ambirife timawerenga theka loyamba n'kutseka Baibulo. Kudziyesako mathero ake ndi kudya. Sanalembe kuti adziyese n'kukakhala kumbuyo zaka zitatu. Ndipo mukabwerera pa vesi 21 muona amene ankadya mosayenera ku Korinto: opeza bwino ankayamba kudya mpaka kuledzera, anzawo osauka ali ndi njala pambali. Anthu amenewo mtima sunkawatsutsa n'komwe. Wanu ukukutsutsani, ndiye kuti Mzimu sanakusiyeni. Koma musandimve molakwa, sindikuti ingodzukani mukalandire. Ilipo ntchito yoti ichitike m'masabata atsalawa.

Nambewe (Domwe): Agogo, chimene ndimaopa ndi kudzidyera chiweruzo. Ndikalandire ndi mtima wotentha womwewu?

Nachisale (Tsangano): Anambewe, ndinu mayi mnzanga, tiyeni ndikutengereni kumtondo. Chimanga chikachoka m'nkhokwe sichisanduka ufa woyera tsiku lomwelo. Timakonola, gaga n'kuchoka, timapeta. Apo wosadziwa angati zatha, poti mphale ikuoneka kale yoyera. Koma timaiviika masiku awiri kapena atatu osaikhudza, ndipo tsiku lovuula fungo la matsukwa limakuuzani kuti munali zina m'kati mwa njere zimene munsi sunazifike. Kenako kutsuka, kuyanika pamphasa, ndiye kuchigayo.

Ine mwana wanga wachisamba atamwalira ndinakwiyira Mulungu chaka chathunthu. Ndinkadzikonola ndekha ndi mapemphero ofuula, osaphula kanthu. Chinandithandiza ndi kukhala chete pamaso pake usiku uliwonse, ana atagona, nyali nditazimitsa, ndi Salimo 51 lokha: Mundilengere mtima woyera, Mulungu. Mawu akuti mundilengere ndi amene anandigwira. Davide sanati ndikautsuke ndekha ndibwere nawo. Cha m'sabata yachitatu ndi pamene zonunkha zinayamba kutuluka, zina zoti sindinkadziwa kuti ndili nazo. Ndinapeza kuti ndimachitira nsanje mng'ono wanga weniweni chifukwa ana ake onse ali moyo, mpaka ndinkazengereza kunyamula khanda lake. Ndinalira usiku umenewo kuposa pa maliro. Inu mwakhala mukusinja zaka zitatu, mayi. Mwina yakwana nthawi yoti muviikidwe.

Akatekisti (Lifidzi): Ine ndine Mkatolika, ndimatumikira ku mphakati wina kufupi ndi Lifidzi, mundilole ndiponyepo mlomo. Zimene anena Anachisale aphunzitsi akale a Mpingo anaziona ngati ulendo wa zigawo zitatu: kuyeretsedwa, kuunikiridwa, kenako kulumikizana ndi Mulungu. Ansembe a Chijezwiti, amene anafika kuno ku Angonia zaka zoposa 100 zapitazo, amatsata njira ya Inácio de Loyola, woyambitsa chipani chawo. M'bindikiro wake wathunthu ndi wa masiku pafupifupi 30 ogawidwa m'masabata anayi, ndipo sabata yoyamba yonse munthu amayang'ana machimo ake pamodzi ndi chifundo cha Mulungu. Ife a kumunda sitingasiye makasu mwezi wonse, koma kali kachidutswa kamene aliyense angathe. Madzulo, mphindi 15 zokha: kuthokoza pa zabwino za tsikulo, kupempha kuwala, kuyenda m'tsikulo ola ndi ola kuona pamene mtima unapotokera, kupepesa, ndi kupempha mphamvu za mawa. Onani kuti choyamba ndi kuthokoza. Munthu akayamba ndi kudzizenga mlandu amatopa pa tsiku lachitatu.

Za kutentha kwa mtima kuja, mayi. João da Cruz, wansembe wa ku Spain amene anzake a m'chipani anamutsekera m'kachipinda ku Toledo mu 1577 mpaka miyezi pafupifupi isanu ndi inayi, anayerekeza mzimu wa munthu ndi chikuni choikidwa pamoto. Poyamba chimafuka utsi, chimatulutsa madzi, chimada, chimaoneka choipa kuposa mmene chinalili. Pambuyo pake m'pamene chimayaka n'kukhala moto nachonso. Aliyense wosonkhapo nkhuni zaziwisi m'nyengo ya mvula akudziwa zimenezi. Utsi umene mukuuonawo sukutanthauza kuti moto palibe.

Mbale Phiri (Moatize): Apo ndavomera, Akatekisti. Ine ndimagwira ntchito kumene amatsukira malasha. Akachoka mumgodi amabwera osakanikirana ndi miyala, ndi maso simungasiyanitse, zonse zakuda bii. Amaziphwanya kaye, kenako n'kuzilowetsa m'madzi olemera osakaniza ndi ufa wa chitsulo. Malasha amayandama, mwala umamira. Ndikaima pamenepo ndimakumbuka Malaki 3:3, woyenga siliva atakhala pansi kuyeretsa ana a Levi. Koma ndikufunseni: ngati kuyeretsa kumachitika tili moyo, purigatoriyo wanu uja ndi wa chiyani? Mwazi wa Yesu sukwanira?

Akatekisti (Lifidzi): Ukwanira, achimwene, ndipo wopanda mwaziwo sapulumuka. Ife timakhulupirira kuti amene wafa ali pa ubwenzi ndi Mulungu koma asanayeretsedwe kwathunthu, Mulungu yemweyo amamalizitsa ntchitoyo asanamuone maso ndi maso. Timawerenga 1 Akorinto 3:15, za wopulumuka monga wodutsa pamoto, ndi 2 Amakabeo 12. N'chifukwa chake pa 2 Novembala timapempherera omwalira onse.

Agogo Jere (Ulongwe): Ife a mpingo wa Reformada pamenepo timasiyana nanu. Buku la Amakabeo mulibe m'Baibulo lathu, ndipo wachifwamba wa pamtanda anauzidwa kuti lero lomwe adzakhala m'Paradaiso. Koma inu ndi ine tinayamba kale kusiyana pa zimenezi tisanabadwe.

Woyang'anira gulu: Abale, nkhani ya purigatoriyo tiitsegulire tsiku lake. Amayi a ku Domwe akudikira thandizo la mwezi uno.

Aphunzitsi Banda (Furancungo): Ndawerenga zonse ndipo china chake chikundiwawa. Mayi wamasiye alandidwa dimba. Wolandayo akuimba nyimbo kutsogolo, Mgonero akulandira bwinobwino. Ife pano tonse tazungulira wolandidwayo kumuuza mmene angatsukire mtima wake. Nanga alamuwo akuwayendera ndani? Yakobo 1:27 akuti chipembedzo choyera ndi kucheza ndi ana amasiye ndi akazi amasiye m'chisautso chawo. Mawu akuti choyera ali pomwepo. Zakeyu atakumana ndi Yesu sanapite kuphiri, anatulutsa chuma n'kulonjeza kubweza kanayi. Ndipo mayi, dziwani kuti lamulo la malo la kuno ku Mozambique la 1997 limazindikira munthu amene wakhala akulima malo motsata mwambo ngakhale alibe pepala, umboni wa pakamwa wa anthu a m'mudzi umamveka, ndipo silisiyanitsa mwamuna ndi mkazi. Musalole wina akuuzeni kuti kukhala woyera ndiko kungokhala chete.

Nachisale (Tsangano): Aphunzitsi mwalasa. Akulu a mpingo akamayendera m'makomo asamangofunsa za chopereka ndi za ukwati, malire a minda afunsenso.

Agogo Jere (Ulongwe): Mwanena zoona, ndipo ngati akulu a kumeneko akudziwa nkhaniyi n'kumaingoyang'ana, alakwa. Koma amene watifunsa pano ndi Nambewe, alamu ake palibe. Kukhululuka ndi kusiya mlandu ndi zinthu ziwiri. Dimba alitsate mpaka libwere. Chimene tikuchotsa ndi chimene chikumudya iyeyo m'kati.

Ndikuuzeni zanga, sindimakonda kuzikamba. Mu 1986 tinathawa nkhondo n'kukakhala ku Lizulu, mbali ya Malawi. Tinasiya ng'ombe zisanu ndi ziwiri. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992 tinadikirabe pang'ono, tinabwerera chaka chotsatira. Khola tinalipeza litamera chisoso. Patapita nthawi ndinamva kuti amene analozera anthu a mfuti khola langa ndi mnzanga amene tinalowa naye kalasi limodzi, tinabatizidwa tsiku limodzi. Ndipo pa Mgonero woyamba titamanganso tchalitchi, ine ndi amene ndinapatsidwa mbale yoti ndiyendetse mzere umene iye anakhala. Manja ankanjenjemera mpaka tizidutswa ta mkate tinkasuntha m'mbalemo. Ndinamupatsa, koma ndinayang'ana kukhoma. Usiku umenewo tulo sitinabwere. Ndinazindikira kuti ndagawira thupi la Ambuye munthu amene mumtima ndinali nditamuika kale m'manda.

Pali mavesi awiri amene sanandipatse pothawira. Mateyu 5:23-24 akuti ukakumbukira kuti mbale wako ali nawe chifukwa, siya mtulo wako paguwa, pita. Mateyu 18:15 akuti mbale wako akakuchimwira, pita. Ukhale wolakwa, ukhale wolakwiridwa, woyenda ndi iwe. Zinanditengera miyezi isanu kuti ndifike pakhomo pake, mtunda woti mwana amayenda mphindi khumi. Anandiuza kuti anamuloza mfuti pamutu mwana wake ali pomwepo. Mwina zinali zoona, mwina anawonjezera, Mulungu ndiye adziwa. Ng'ombe sizinabwere. Koma kuyambira tsiku limenelo ndinayambanso kutha kunena Atate wathu mpaka kumapeto osadumpha mzere wa mangawa.

Akatekisti (Lifidzi): Zikomo agogo potitsegulira chilonda chimenecho. Nafenso kuno tili nacho cha nthawi yomweyo. Bambo João de Deus Kamtedza, mwana wa kuno ku Angonia, ndi Bambo Sílvio Moreira anaphedwa ku Chapotera pa 30 Okutobala 1985, ndipo Dayosizi ya Tete inatsegula ntchito yofufuza moyo wawo kuti mwina adzatchulidwe Odala. Ndikawaganizira ndimadzifunsa kuti anakonzeka liti, poti imfa sinawapatse masabata atatu monga mmene Mgonero ukutipatsira ife. Mafuta a anamwali asanu ochenjera aja a pa Mateyu 25 anagulidwa kusanade.

Chemwali wa ku Zobwe: Pepani ndilowetse langa, ndi logwirizana. Agogo anga aakazi amati mkazi akakhala kumwezi asathire mchere m'ndiwo ndipo asayandikire Mgonero, ndi wodetsedwa. Kawiri konse ndabwerera chifukwa cha zimenezi. Ndi zoona?

Nachisale (Tsangano): Mwana wanga, za mchere ndi mwambo wa makolo woopa mdulo, ukambirane ndi agogo ako mwaulemu poti ndi pakhomo pawo. Koma za gome la Ambuye, werenga Marko 5. Mayi amene anataya magazi zaka 12 anakhudza chovala cha Yesu pakati pa khamu. Mwa lamulo la Levitiko 15 anali wodetsedwa ndipo chilichonse chimene wakhudza chinkadetsedwa. Yesu sanamukalipire, anamutcha mwana wamkazi. Pa Marko 7 akutchula zimene zimadetsa munthu, zonse zochokera mumtima: chiwerewere, kuba, kaduka, kudzikuza ndi zina. Thupi la mkazi mmene Mulungu analilengera mulibe m'ndandandawo. Pita ukalandire.

Akatekisti (Lifidzi): Kwa ifenso palibe lamulo loletsa. Chimene Mpingo umapempha ndi kulapa ngati pali tchimo lalikulu, ndi kusala ola limodzi usanalandire Ukaristia.

Chemwali wa ku Zobwe: Zikomo amayi, mwandimasula. Mnzanga wina anachita kugula botolo la madzi opemphereredwa pa 500 metikali kuti azisamba akamaliza masiku ake.

Mbale Phiri (Moatize): Zimenezo ngakhale ife a Pentekoste enieni timazikana. Simoni wamatsenga anafuna kugula mphatso ya Mulungu ndi ndalama, Petro anamuyankha zowawa pa Machitidwe 8. Mnzakoyo umuuze asawonongenso ndalama.

Nambewe (Domwe): Ndawerenga zonse kawiri. Sindiyankha zambiri, mawu andithera. Aphunzitsi, zikomo pondiona. Agogo, nkhani yanu yandilasa. Ndiyamba usiku uno kukhala chete monga anenera Anachisale. Mundipempherere.

Nachisale (Tsangano): Tili nanu. Musafulumire kuvuula.

*Patapita masabata atatu*

Nambewe (Domwe): Abale, ndabwera kudzakuuzani mmene zayendera, poti munandinyamula.

Masiku oyamba palibe chimene chinkachitika. Ndinkakhala pamphasa, maganizo n'kumapita ku mtengo wa feteleza. Ndinkangobwereza vesi lija la Salimo 51 ndi kuthokoza pa zinthu zitatu monga ananenera Akatekisti. Tsiku lachisanu ndi chinayi ndikuyenda m'tsiku langa ola ndi ola, ndinakumbukira kuti m'mawa mwake mwana wanga wamng'ono anabisala kuseri kwa nkhokwe ataona msuweni wake, mwana wa alamu aja, akupita kumjigo. Anabisala chifukwa ine ndinawaletsa ana anga kulankhula ndi ana a nyumba imeneyo. Ana amene anakulira m'mbale imodzi. Kenako chinabwera china chimene ndinachikwirira. Chaka chatha akazi awo a alamu anadwala kwambiri mpaka kugonekedwa kuchipatala ku Ulongwe, mudzi wonse unapita kukazonda, ine ndinatseka chitseko n'kunena mumtima kuti Mulungu wayamba kubweza. Mayi amene anandisambitsa ine nditabereka mwana woyamba. Zaka zitatu ndakhala ndikuuza Mulungu za mizere 12, izi sindinamuuzepo ngakhale kamodzi.

Loweruka lapitalo ndinapita. Ndinatenga mkulu wa mpingo mmodzi ndi ankhoswe a ukwati wathu. Ndinayamba ndi zanga. Ndinagwada kwa akazi awo n'kupepesa za kuchipatala, iwo anangondigwira dzanja n'kuyamba kulira, kenako anakatenga madzi akumwa n'kundipatsa. Nditatero ndinatembenukira kwa alamu n'kuwauza maso ndi maso kuti dimba lija ndi la ana a mbale wawo, anandilakwira, ndipo nkhaniyi ndiitengeranso kwa amfumu ndi mboni. Mawu sananjenjemere, ndinadabwa nazo. Iwo anati malire anaika ndi malemu bambo awo ndipo sabweza kanthu. Anadzuka n'kulowa m'nyumba tisanatsanzike.

Dzulo ndinalandira Mgonero. Sindinganame kuti mtima unali mbee, kutentha kunalipo pang'ono pamene ndinawaona akulowa. Ndinangoti Ambuye, ndi uwu mtimawo, ndabwera nawo mmene ulili. Mkate ndinautafuna nthawi yaitali. Alamu anakhala kumbuyo, mbale itafika anaidutsitsa osatenga, ndipo chimene ndinamva sichinali chikondwerero ayi, ndinawamvera chisoni poti mpando umenewo ndikuudziwa.

Aphunzitsi Banda (Furancungo): Mayi, mwachita chinthu chovuta kuposa chimene ndinakuuzani ine. Kwa amfumu mukapita liti? Mboni zikhale anthu amene anakuonani mukulima dimbalo amuna anu ali moyo, makamaka oyandikana nawo malire.

Agogo Jere (Ulongwe): Ndawerenga ndi misozi, mwana wanga. Mkulu amene munapita nayeyo mumuuze asawataye alamuwo, awayenderenso yekha sabata ino. Munthu akadutsitsa mbale ndiye kuti china chayamba kumugwira.

Nachisale (Tsangano): Nanga ana?

Nambewe (Domwe): Kwa amfumu ndi Lachinayi m'mawa, mboni zilipo zitatu, awiri ndi a madimba oyandikana nalo. Ana ndinawamasula Loweruka lomwelo. Panopa ndikulemba pano wamng'ono uja sanabwere, ali kwa asuweni ake, akuti akukazinga chimanga.